Kuzira si Kupulasitala: Phunziro la pa Makoma a Nyumba ya Amayi kwa Ngokwe

Nkhani ino ikukamba za makoma a m'kati mwa nyumba imodzi ya m'dera la Mfumu Yaikulu Ngokwe, m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Ndifotokoza momwe tidasalazira makoma okhakhala a mitundu iwiri, ena a simenti, lina la dothi. Ndionetsanso kuti aneni amene Chichewa chili nawo pa ntchito imeneyi satchula ntchito yokha ayi, koma amamuuzanso munthu khoma loti agwirepo ndi chipangizo choti agwirire. Ine, amene ndimaphunzira za chiyankhulo, ndidalephera kuwamvetsa aneniwa pa nthawi imene ankafunika, ndipo kulepherako kudatitayitsa matumba atatu a simenti. Kudatsalanso pang'ono kuvulaza anganga anga.

Nyumbayo ndi makoma ake

Nyumba ndikunenayi ili ndi pabalaza ndi zipinda ziwiri, cha amayi ndi cha anganga. Adaimanga ndi malemu bambo anga pa malo a kuchikazi, monga mwa mwambo wa chikamwini umene ambiri timatsata kwathuko. Njerwa zake ndi zootcha koma adazimanga ndi matope a dothi, pamwamba nafolera malata. Atafika pa ntchito ya m'kati, ndalama zidawathera. Mmisiri adali atangoponya matope a simenti pa makoma a pabalaza, a mchenga wa kumtsinje wosasefa, n'cholinga chodzasalaza tsiku lina. Tsikulo silidafike. Makomawo adauma ali chomwecho ndipo adakhala zaka zoposa khumi ali ndi timiyala totuluka paliponse.

Munthu amene sadakhalepo m'nyumba yotere angaganize kuti vuto lake ndi la maonekedwe okha. Sichoncho. Khoma lokhakhala limasunga fumbi, ndipo tsache likadutsapo limangosiyapo timaudzu take. Mwaye wa koloboyi umalowa m'timaenje osatulukanso. Akangaude amapeza pomangira. Mwana akathamanga n'kukhudza khoma ndi chigongono, magazi amatuluka. Ine ndili ndi chipsera cha zimenezi. Choipa koposa ndi nsikidzi, zimene masana zimabisala m'ming'alu ndi m'timaenje totere, kudikira kuti nyali izime. Amayi ankathira madzi otentha pa mikeka ndi m'miyendo ya mipando, koma za m'khoma ankangoziyang'ana.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adafika kumwera kwa Malawi, ndipo Machinga lidali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa. Mvula idagwa masiku otsatizana, khoma limodzi la chipinda cha anganga lidamwa madzi mpaka lidagwera kunja. Amalume ndi anyamata a pamudzi adalimanganso mvula itangosiya. Panalibe nthawi ngakhale nkhuni zootchera uvuni, kotero adaumba zidina, ndiye kuti njerwa zongouma ndi dzuwa. M'kati adamatamo matope ndi manja mwachangu kuti nkhalamba ibwerere m'chipinda chake. Mizere ya zala zawo idatsala pakhomapo ngati mizere ya m'munda.

Motero nyumba idakhala ndi kukhakhala kwa mitundu iwiri. Maso anga ankaona vuto limodzi.

Achimwene anga aakulu amagwira ntchito ku Johannesburg, monga anyamata ambiri a ku Machinga ndi Mangochi. Tsiku lina tikuyankhulana pa WhatsApp moonana nkhope, adaona khoma kumbuyo kwanga. Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Iwe, anthu aziti ndikutani kuno amayi akugona m'phanga?" Ndidawayankha kuti akatumiza ndalama tisalaza makoma onse. Adatumiza gawo loyamba mu Okutobala 2023, amayi nasunga podikira kuti zikwane. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti udakwera, ndipo ndalama zosungidwazo zidachepa zili m'kansalu. Simenti tidadzagula pa tchuthi cha 2024 ku Ntaja, matumba asanu ndi atatu m'malo mwa khumi ndi awiri amene tidawerengera poyamba.

Aneni a ntchitoyi

Mawu amene ndidawauza achimwene, akuti tisalaza, ndiwo chiyambi cha kulakwa kwanga, choncho ndiyambe ndawaunika. Mneni kusalaza ndi mnzake wa kusalala. Kusalala kumanena za mmene chinthu chilili, pamene kusalaza kumanena za munthu amene akuchititsa kuti chinthucho chikhale chotero. Ubale womwewu timaupeza pa kulowa ndi kulowetsa, kapena kutuluka ndi kutulutsa, ngakhale kuti pa kusalaza msintho wochititsawu waoneka mwa kusanduliza l kukhala z, monga zimachitikiranso pa kulira ndi kuliza. Chofunika kuona n'chakuti kusalaza kumangotchula mathero a ntchito. Munthu amasalaza thabwa, msewu, bwalo la mpira, ngakhale nkhani imene yavuta pabwalo la milandu. Mneniyu sanena kanthu za chipangizo.

Aneni ena aja sali choncho. Kuphoma ndi kuponya matope olimba pa mitengo ndi nsungwi zimene zamangidwa kale kuti pakhale khoma. Kumata ndi kutseka mipata ndi maenje ndi dothi lonyowa, pokanikiza ndi dzanja. Kuzira ndi kupaka mtsiro wosungunula bwino, mopyapyala, pa malo amene ndi a dothi kale, kaya pansi, pakhonde kapena pakhoma. Alipo ena amene pakhoma amati kutsutsuta, nasiya kuzira kukhala kwa pansi pokha. Kukulungiza ndi kupukuta malo oziridwawo ndi mwala wosalala wotchedwa nkhulungo, umene oumba mbiya amagwiritsanso ntchito. Aneni anayiwa ali mu ndondomeko. Palibe amene amakulungiza asanazire, ndipo palibe amene amazira pamene sipadamatidwe. Aliyense mwa iwo amabwera ndi dothi lake, madzi ake ochuluka mosiyana, ndi nthawi yake yodikira.

Kupulasitala ndi mlendo pagululi. Ndi mawu obwerekera ku Chingerezi, ndipo maonekedwe ake akuchitira umboni. Chichewa chimafuna kuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liwu, ndipo sichilola p kugundana ndi l, kapena s kugundana ndi t. Pachifukwachi tidalowetsa u pakati pa p ndi l, i pakati pa s ndi t, mawu a maphatikizo awiri nasanduka a maphatikizo asanu: pu-la-si-ta-la. Zofanana ndi zimenezi zidachitikira simenti, penti, laimu ndi levulo, onse adalandira lembo la liwu kumapeto. Atalowa m'chiyankhulo, mneniyu adayamba kulandira misintho ngati mbadwa: timamva kupulasitalitsa, kupulasitalidwa, kupulasitalira. Koma polowa sadatenge tanthauzo lonse limene ali nalo kwawo. M'Chingerezi mawuwa amagwiranso pa dothi ndi pa laimu. M'Chichewa cha kwathu munthu akati ndapulasitala, aliyense amadziwa kuti wagula simenti. Malo a dothi adawapeza ali ndi eni ake kale.

Pali kusiyana kwina kumene galamala siionetsa koma aliyense pamudzi amakudziwa. Wozira ndi mayi kapena mtsikana, salipidwa, ndipo amabwereza ntchitoyo chaka ndi chaka. Wopulasitala ndi mwamuna, amatchedwa mmisiri, amalipidwa, ndipo ntchito yake amati ndi ya kamodzi. Sindidamvepo mayi wodziwa kuzira akutchedwa mmisiri. Boma nalo lili ndi mawu ake pankhaniyi. Pa kalembera wa 2018 nyumba adazigawa patatu, zokhalitsa, zokhalitsako pang'ono ndi zamakolo, potengera zipangizo za khoma ndi denga. Ndondomeko yothandiza anthu osauka kumanga nyumba imene idakhazikitsidwa mu ulamuliro wa Peter Mutharika wa 2014 mpaka 2020 anthu ankangoitchula kuti ya malata ndi simenti. Mwana wokulira m'mawu oterewa amafika pokhulupirira kuti simenti ndiye yankho la khoma lililonse. Ine ndidali mwana woteroyo.

Makoma a pabalaza

Pabalaza simenti adalidi yankho, ndipo ntchito ya pamenepo ndiifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa idayenda bwino. Mmisiri amene tidamupeza adali bambo wachikulire wa mudzi woyandikana nafe, wosayankhulayankhula. Ine ndidali womuthandiza wake, wotunga madzi ndi kukanda matope.

Tsiku loyamba sadatsegule thumba ngakhale limodzi. Adatenga chigwiriro cha mpeni wake womangira nayamba kugogoda khoma lonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, khutu lili pafupi. Pamene simenti wakale adagwirana ndi njerwa pankamveka mawu olimba. Pamene adalekana nazo pankalira ngati ng'oma. Malo olira ngati ng'omawo adawagumula onse mpaka njerwa zidaoneka, chifukwa chatsopano chikamatidwa pa chinthu chimene chalekana kale ndi khoma, zonse ziwiri zimagwera limodzi. Pa malo amenewo adakolokosanso dothi la pakati pa njerwa pang'ono kuti simenti akapeze pogwira. Kenaka adandipatsa chibenthu cha njerwa yootcha kuti ndipale timiyala tonse totuluka kwambiri. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndiponso ya fumbi loti munthu ayenera kumanga kansalu kumphuno, koma ndiyo imapulumutsa simenti. Kamwala kamodzi kotuluka sentimita imodzi kamakakamiza khoma lonse kulandira matope okhuthala sentimita imodzi kuti kabisike. Titatha kupala tidatsuka khoma ndi madzi a sopo ndi burashi yolimba, makamaka pamwamba pa malo amene pankakhala koloboyi, pakuti simenti sagwira pa mwaye kapena pa mafuta.

Mchenga nawo udayesedwa. Mmisiri adathira mchenga m'botolo mpaka theka, nadzaza madzi, nakhutchumula, n'kuliimika pamthunzi. Mchenga udakhala pansi msanga, ndipo patapita maola pamwamba pake padakhala kamzere ka dothi losalala. Kamzereko kakakhala kokhuthala, mchengawo ndi wosayenera, chifukwa dothi limafooketsa simenti ndipo limabweretsa ming'alu. Wa pamalo oyamba adaukana. Tidakatenga wina kutali ndithu pa ngolo. Posefa tidagwiritsa ntchito neti ya udzudzu. Amayi adakana kutulutsa yabwino, ndipo adachita bwino. Adatipatsa yakale yong'ambika imene inkatchinga mbewu za tomato.

Madzulo a tsiku lotsatira tidanyowetsa khoma, m'mawa mwake n'kuliwazanso. Chifukwa chake n'chakuti khoma louma limayamwa madzi a m'matope atsopano simenti asanagwire. Apa pali chinthu chimene chiyankhulo chathu chimatisocheretsa nacho. Timati simenti wauma, ngati kuti amalimba chifukwa madzi achoka. Zoona zake n'zakuti simenti amalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi, ndipo madziwo akachoka msanga amatsala wofumbutuka ngati chigumu. N'chifukwa chake khoma lopulasitalidwa limathiridwa madzi kwa masiku osachepera 7.

Muyeso wake udali ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zinayi za mchenga wosefa. Mmisiri ankandiletsa kukanda ambiri nthawi imodzi, koma okwanira kutha ola lisanakwane, ndipo matope akayamba kulimba pansi ankawataya osalola kuti ndiwatsitsimutse ndi madzi. Asanapake, ankayamba wawaza pakhoma simenti wosungunula ngati phala la mwana kuti chatsopano chigwirane ndi chakale. Kenaka ankapaka ndi mpeni kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mokanikiza kuti matope alowe m'timaenje tonse. Popeza tidali titapala bwino, sadafunike kupitirira mamilimita 6 kapena 8. Adandiuza kuti pamene pali dzenje lalikulu ndi bwino kudzaza kawiri, lero ndi mawa, kusiyana ndi kuunjika kamodzi, chifukwa matope okhuthala kupitirira mamilimita 15 amalemera n'kuyamba kutsetsereka. Akapaka chigawo, ankadutsitsapo thabwa lalitali lowongoka kuti achotse zotuluka ndi kuona molowa, nayesa ndi levulo.

Chimene chidandidabwitsa ndi kudikira. Akatha kudutsitsa thabwa ankakhala pansi, nthawi zina n'kupempha madzi akumwa. Ine ndinkaona ngati ulesi. Koma ankadikira kuti matope agwire pang'ono, kufika poti chala chikakanikiza chisalowe. Pamenepo ankatenga kathabwa kosalazira nayamba kupukuta mozungulira, akuwaza timadzi pang'ono ndi burashi. Pomaliza ankadutsitsa chitsulo chosalazira kawiri kapena katatu basi. Nditamufunsa chifukwa chosapitirizira kuti pawale kwambiri, adati, "Achimwene, mukachinyengerera kwambiri chimatuluka thukuta." Ankatanthauza kuti kupukuta kopitirira kumakokera madzi ndi simenti pamwamba, ndipo pakauma pamachita timing'alu tambirimbiri ngati ukonde.

Patatha milungu itatu tidapaka laimu. Laimu amachokera ku miyala imene amaiotcha, monga amachitira anthu a ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka, boma limene lidali mbali ya Machinga mpaka 1998. Iyeyu amalimba mosiyana ndi simenti, pokoka mpweya wa m'mlengalenga pang'onopang'ono n'kubwerera ku mwala umene adachokera. Amapakidwa wamadzimadzi, kawiri kapena katatu, ndipo poyamba amaoneka ngati sadagwire. Kuyera kumabwera akauma. Amawotcha khungu ndipo ndi woopsa m'maso, choncho ana tidawathamangitsa. Pabalaza padayera mbee, padasalala see, ndipo anthu odutsa ankapempha madzi akumwa n'cholinga choti asuzumire.

Khoma la anganga

Matumba atatu adatsala. Ndidauza mmisiri kuti tilowe m'chipinda cha anganga. Adalowa, nakanda khoma la zidina lija ndi chikhadabo, dothi n'kuyoyoka. Adapukusa mutu.

"Ili ndi la amayi anu ili, achimwene. Azire."

Amayi, amene adali pakhomo akupeta mpunga, adavomereza. Kwathu timasakaniza Chiyao ndi Chichewa, ndipo khoma amalitchula kuti lipupa, koma mawu amene adanena tsikulo adali a Chichewa: "Lipupa limenelo ndi lozira, si lopulasitala." Ine ndidamva ngati akunena za umphawi, ngati akuti nkhalamba siyenera simenti. Ndidakumbutsa onse kuti achimwene adatumiza ndalama za nyumba yonse, ndipo adzafuna kuona zithunzi. Mmisiri adati ngati ndaumirira, tigule waya wa khola la nkhuku tikhomere pakhoma ndi misomali yaitali kuti simenti apeze chogwira, ngakhale kuti iye sakadalonjeza kuti zikhalitsa. Ndalama ya waya panalibe. Ndidati tipake choncho. Amayi adangoti, "Wophunzira ndiwe," napitiriza kupeta.

Tidapaka, ndipo kunena zoona lidakongola. Zithunzi zidapita ku Johannesburg, achimwene adaziika pa foni pawo kuti anzawo aone.

Mu Febuluwale 2025, ine ndili kusukulu, amayi adandiimbira m'mamawa. Usiku chigamba cha pulasitala chachikulu ngati chitseko chidasomphoka n'kugwera pansi. Chidaphwanya ndowa ndi mpando, ndipo m'mphepete mwake mudagwera pa mkeka, pafupi ndi mapazi a anganga. Iwo adali atapinda miyendo chifukwa cha kuzizira kwa mvula. Amayi sadandikalipire. Adangondiuza zimene zidachitika, n'kufunsa ngati ndikudya bwino.

Nditapita kukaona, ndidatembenuza zibenthu zake. Kumbuyo kwa chibenthu chilichonse kudali dothi lopyapyala lomatirira. Simenti adagwira ndithu, koma adagwira khungu lokha la chidina, ndipo khungulo ndilo lidalekana ndi thupi lake. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, dothi limafufuma likamwa chinyezi ndipo limanyala likauma, pamene simenti akalimba satambasuka nalo limodzi. Khoma likamapuma chomwechi nyengo ndi nyengo, chigoba cholimba chimene chili pamwamba pake chimalekana nalo. Chachiwiri, khoma la zidina limamwa chinyezi kuchokera pansi ndi ku mvula yowomba kunja, ndipo limachitulutsa kudzera m'mbali zake zonse ziwiri. Ife tidatseka mbali ya m'kati. Chinyezi chidasonkhana kuseri kwa simenti, dothi la pamenepo lidafewa, ndipo kulemera kwa chigambacho kudamaliza ntchito. Kwathu madzi sali patali pansi pa nthaka, pakuti dera lonse lozungulira Chiuta ndi la madambo, kotero vutoli limafulumira kuposa kumtunda.

Mmene amayi adazirira

Tidadikira kuti mvula ithe ndi khoma liume. Mu Julayi 2025 tidagumula simenti yense wotsala pakhomalo, ndipo amayi adatenga ulamuliro. Ine ndidapempha kuti ndithandize. Atsikana a pamudzi adaseka poona mnyamata wa kuyunivesite atasenza ndowa ya mtsiro, koma pamenepo n'kuti manyazi anga atathera kwina.

Mtsiro tidakakumba kudambo, pamalo pamene amayi a m'mudzimo akhala akukumba kuyambira kale. Ndi dothi lakuda, lomata, limene likauma lokha limang'ambika kwambiri. Amayi adaliphwanya, nachotsa mizu ndi timiyala, naliviika m'madzi usiku wonse. M'mawa adalisakaniza ndi mchenga wosefa umene udatsala pa ntchito ya pabalaza. Muyeso wa ndowa panalibe. Ankatapa pang'ono, kufinya m'dzanja, kupaka pakhoma kachigamba kofanana ndi chikhatho, n'kusiya. Adapaka tizigamba tinayi tosiyana kuchuluka kwa mchenga, ndipo tsiku lotsatira tidakationa. Kamene kadali ndi mchenga wochepa kadang'ambika ngati pansi pa dambo mu Okutobala. Kamene kadali ndi mchenga wambiri kankayoyoka tikakapukuta ndi chala. Adasankha ka pakati. Kusukulu njira yotereyi timaipatsa dzina lalitali ndipo timailembera malipoti. Amayi adaichita akukamba nkhani ya mtengo wa feteleza.

Ntchito idayamba ndi kumata. Mizere ya zala ija ndi mabala amene simenti adasiya adazipala ndi khasu lakutha, nawaza madzi pang'ono, osati ochuluka ngati pa khoma la njerwa zootcha, chifukwa chidina chikakhuta madzi chimasungunuka. M'maenje adakanikizamo dothi lolimbirako losakaniza ndi mankhusu a mpunga, amene amagwira dothi kuti lisang'ambike. Adasiya masiku awiri. Kenaka kudabwera kuzira kwenikweni: mtsiro wamadzimadzi, wotapa ndi dzanja, wopakidwa ndi chikhatho mozungulira ngati uta, kuyambira pamwamba kutsika pansi kuti zodontha zizifufutika. Ulendo uliwonse unkakhala wopyapyala kwambiri moti khoma la pansi linkaonekera. Adazira katatu pa masiku atatu. Nditayesa ine, ndidatapa wambiri kuti ndithe msanga, ndipo amayi adandigwira dzanja. "Usamange khoma lina. Ukungolidyetsa lomweli."

Nkhulungo yawo ndi mwala wakuda wokwana m'chikhatho, umene adaulandira kwa anganga. Kukulungiza kuli ndi nthawi yake yochepa, pamene mtsiro wasiya kumata chala koma usanayere. Ukafulumira mwala umakoka dothi, ukachedwa umangokanda. Pa nthawi yoyenerayo mwala umakanikiza timing'alu tonse tisanakule, n'kutseka timaenje, khoma n'kuyamba kuwala ngati mbiya yatsopano. Ndidazindikira kuti uku ndi kudikira komwe kuja kwa mmisiri ndi kathabwa kake, ndipo onse awiri amayesa nthawiyo ndi chala. Anganga adakhala pakhomo pa chipindacho nthawi yonseyi, akuloza ndi ndodo malo amene mwana wawo wadumpha.

Sindikufuna kunamizira kuti mtsiro ulibe zovuta zake. Khoma lozira silipirira kukhudzidwa ndi madzi, limakumbika likagundidwa ndi mpando, ndipo chiswe chimatha kudutsamo. Liyenera kuziridwanso chaka chilichonse, ndipo ntchito imeneyi imagwera amayi, amene msana wawo ukuvuta kale. Alipo amayi ena amene amadetsa mtsiro ndi zakuda za m'mabatire akutha a tochi kuti uwale. Amayi anga amakana zimenezi, ndipo ndikugwirizana nawo, pakuti za m'batire si zoti zizikhala m'manja ndi m'chipinda chogona. Tsiku limene tidzapeze ndalama, khoma limenelo tidzaligwetsa n'kumanga la njerwa zolimba pa maziko otchinga chinyezi, ndipo pamenepo mmisiri adzabweranso ndi mpeni wake. Koma malinga ngati lili la zidina, mneni wake ndi kuzira.

Ndabwerera kangapo ku chiganizo cha amayi chija, chakuti lipupa limenelo ndi lozira, si lopulasitala. Mwa galamala ya m'kalasi, lozira liyenera kutanthauza khoma limene likuzira chinthu china, ndipo wolemba mayeso akadafuna kuti anene kuti loyenera kuziridwa. Koma Chichewa cha tsiku ndi tsiku chimachita zimenezi kawirikawiri: timati chimanga chokazinga, madzi akumwa, nyemba zophika, popanda msintho wochitidwa, ndipo palibe amene amaganiza kuti nyemba zikuphika munthu. M'kamangidwe kotereka mneni amasanduka mfotokozi wonena za mtundu wa chinthu, kapena ntchito imene chinthucho chimalandira. Amayi sankandiuza zimene iwo akufuna kuchita, kapena zimene tingakwanitse kugula. Ankandiuza mtundu wa khomalo, monga mmene munthu angakuuzire kuti bowa uyu ndi wodya, uyo ndi wosadya. Phunziro la afotokozi ochokera ku aneni ndidalikhoza bwino chaka choyamba.

Achimwene tidawauza zonse khoma litatha. Adadandaula za matumba atatu aja, ndipo adali ndi chifukwa, pakuti ndalama imeneyo adaipeza poimirira usiku pageti ya munthu. Kenaka adapempha kuti ndiwaonetse chipindacho. Ndidayendetsa foni pang'onopang'ono kuchokera pakona kufika pakona ina. Adafunsa kuti penti wotuwa chonchi tamugula kuti. Amayi adalanda foni n'kuwauza kuti akadzabwera pa Eid adzawatengera kudambo akaone sitolo yake, ndipo asadzaiwale kubweretsa ndowa ina m'malo mwa imene idaphwanyika ija.